Mutu 6: Kabichi wa M'mbali mwa Nankhanu

1. Dzina pa bolodi

Lolemba m'mawa, ophunzira a Fomu 3 anapeza aphunzitsi awo a zaulimi, a Lackson Mbeta, ataima kale pa bolodi. Anali atalembapo mawu atatu ndi choko chachikasu: CHIWONETSERO, LOWERUKA, CHICHIRI.

"Masukulu khumi ndi awiri a mumzinda muno akukawonetsa mbewu zawo," anatero a Mbeta. "Sukulu iliyonse ikupita ndi mbewu imodzi. Sabata yathayi ndayendera madimba anu onse, kuyambira ku Nkolokosa mpaka ku Chitawira. Ndaona tomato, ndaona mpiru. Ndaonanso madimba ena momwe mwakula bwino chisoso chokhachokha."

Kalasi yonse inaseka.

"Koma kabichi amene ndamuona ku Manja sindinamuonepo chiyambireni kuphunzitsa."

Anatembenuka n'kulemba dzina pansi pa mawu aja: Sungeni Alufandika.

Ophunzira anayamba kumenya madesiki. Atsikana a kumbuyo anaimba nthungululu mpaka aphunzitsi a m'kalasi yoyandikana nayo anasuzumira pawindo. Sungeni anabisa nkhope m'manja, koma kuseka kunamukanika kubisa.

Sungeni anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ankakhala ku Manja ndi mayi ake, a Gertrude, amene kwawo kunali ku Nsanje koma ankagwira ntchito yosesa m'maofesi m'tauni. Dimba linali la malume ake, a Stafford Jasi, makanika wa ku Limbe. Iwo analibe nthawi yolima, choncho anamupatsa mabedi asanu m'mbali mwa Nankhanu, kamtsinje kochokera m'phiri la Soche. Kuyambira mwezi wa Malichi, Sungeni ankasenza manyowa a nkhuku m'matumba, ndipo ankathirira mbewu zake m'mamawa asanapite kusukulu.

Trevor Muhiwa, mnzake wokhala desiki ya kumbuyo kwake, anamugwira paphewa. Trevor anali wolongolola kuposa kondakitala wa minibasi.

"Aise, watchuka basi. Loweruka ine ndiye wonyamula dengu. Chithunzi chikamajambulidwa ndikhale pafupi."

2. Zimene zinali pansi pa mwala

Ataweruka, Sungeni sanadikire anzake. Anathamanga kudutsa pamsika, n'kutsetsereka kanjira ka kumtsinje yunifolomu ili m'thupi.

Kumunsi kwa mabedi ake kunali dimba la bambo Maurice Nakhumwa, mkulu wa imvi amene anapuma pa ntchito ya upulambala. Agogo awo anachokera ku Mozambique, koma iwo anabadwira ku Manja komweko. Anthu ankawaseka chifukwa sankalima mpaka m'madzi ngati alimi ena. Pakati pa mabedi ndi mtsinje ankasiyapo mpata waukulu, pomwe panali bango, nsenjere ndi vetiva.

"Bambo Nakhumwa, andisankha. Kabichi wanga akupita ku Chichiri."

A Nakhumwa anaika khasu pansi n'kumugwira chanza ngati munthu wamkulu mnzawo.

"Wagwira ntchito, mwana wanga. Nanenso ndili ndi nkhani yanga. Tiye uone."

Anadutsa m'bango n'kufika padziwe laling'ono. A Nakhumwa anagwada, nagubuduza mwala pang'onopang'ono. Pansi pake panatuluka kanthu kofiirira, kakuthawa cham'mbali.

"Nkhanu," anatero Sungeni. Aka kanali koyamba kuiona yamoyo.

"Nkhanu yeniyeni," anatero a Nakhumwa, maso ali ngwee. "Mtsinje uno anautcha Nankhanu chifukwa cha zimenezi. Ine ndili msinkhu wakowu tinkabwera kuno ndi zitini. Mwala uliwonse ukaugubuduza, pansi pake nkhanu. Madzi ake tinkamwa chogwada. Kenaka anthu anachuluka. Anadula mitengo m'phirimu, analima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Mvula ikagwa, dothi lonse linkatsikira muno, madzi n'kufiira ngati thobwa la mawere. Feteleza amene munthu wathira m'mawa, madzulo ali mumtsinje. Ndipo fetelezatu sasankha kuti uyu ndi tomato, izi ndi ndere. Amangodyetsa chilichonse. Ndere zinakula mpaka kuphimba madzi, madzi anayamba kununkha, matemba anachepa, nkhanu zinasowa. Zaka khumi ndi zisanu zinatha osaona nkhanu muno."

Anabwezera mwala uja pamalo pake mosamala.

"Udzu uwu anthu amati ndikuwononga malo. Koma udzuwu ndi sefa. Madzi ochokera m'mabedi amayamba adutsa m'mizu yake. Dothi limatsala, zoipa zambiri zimatsala. Ndakhala ndikubzala pang'onopang'ono, chaka ndi chaka. Lero m'mawa ndawerenga nkhanu zisanu ndi ziwiri m'dziwe ili lokha."

Tsikulo onse awiri anabwerera kunyumba akumwetulira, aliyense ndi nkhani yake.

3. Botolo lopanda pepala

Lachitatu masana Trevor anatsagana ndi Sungeni kuti akaone kabichi wotchukayo. Atafika pabedi loyamba, Sungeni anaima chilili. Masamba akunja anali atabooka timabowo ngati neti yakale. Anatembenuza tsamba limodzi. Kunsi kwake kunali timbozi tobiriwira tambirimbiri. Anathamangira pabedi lachiwiri, lachitatu. Monsemo zinali chimodzimodzi.

"Kwatsala masiku atatu," anatero Sungeni. "Pofika Loweruka kudzakhala kutatsala mitsitsi yokha."

"Usadandaule," anatero Trevor. "Dikira pompano."

Pasanathe ola anabwerera atabereka sipuleya kumsana. M'manja anali ndi botolo lapulasitiki la zakumwa, lopanda pepala lililonse, momwe munali madzi achikasu onanda.

"Achimwene anga anabwera nawo kuchokera ku Ngabu. Ndi a thonje awa. Mbozi ikangonunkhiza, maliro pomwepo."

A Nakhumwa anali atamva fungo lake ali m'dimba mwawo. Anabwera, natenga botolo lija, naliyang'ana mbali zonse.

"Ana inu, khalani pansi kaye," anatero. "Botolo ili lilibe pepala. Simukudziwa dzina la mankhwalawa. Simukudziwa mlingo wake. Simukudziwa kuti munthu ayenera kudikira masiku angati asanadye mbewu yopoperedwa. Thonje munthu sadya, koma kabichi uyu Loweruka akadulidwa. Oweruza akalawa, wotsalayo wina akapita naye kunyumba kukaphikira ana ake. Chimenecho ndi choyamba.

"Chachiwiri ndi madzi. Ine ndagwira ntchito ya mapaipi zaka makumi atatu, ndipo chimene ndinaphunzira n'chakuti madzi sasunga chinsinsi. Chimene wathira kumtunda chimakatulukira kumunsi, kwa munthu amene sanakulakwire kanthu. Sabata ino mipopi yauma dera lonse lino. Mukudziwa kumene azimayi a kumunsiku akutunga madzi ochapira ndi otsukira mbale.

"Sindikunena kuti mankhwala onse ndi oipa. Ali ndi malo ake. Alangizi amatiuza kuti tigule okhala ndi pepala lake, tiwerenge, tivale zodzitetezera, tisakanizire kutali ndi mtsinje, ndipo sipuleya titsukire padzenje lokumba, osati m'madzi oyenda. Awa ndiye ayi. Trevor, ukawabwezere kumene wawatenga. Sungeni, mbozi zili ndi njira zina. Ndikabwerako ku mphakati tikambirana."

Anawapatsa botolo lija, nasamba m'manja ndi madzi a m'kheni, n'kunyamuka kupita ku mapemphero awo.

Trevor anadikira mpaka chipewa chawo chitabisika kuseri kwa nthochi.

"Madala amakokomeza zinthu," anatero. "Kachivindikiro kamodzi kokha. Kapena ukufuna kukachita manyazi pamaso pa masukulu khumi ndi awiri? Dzina lako lili pa bolodi, aise."

Sungeni anayang'ana kabichi wake wamkulu koposa, uja ankamuthirira koyamba tsiku lililonse. Kambozi kamodzi kanali kakukwera chapakati pake.

"Kamodzi kokha," anatero.

4. Madzi oyera ngati mkaka

Anatsikira kumtsinje kukatunga madzi, chakumtunda pang'ono kwa dziwe lija. Trevor anadzaza sipuleya, nathira mankhwala m'kachivindikiro. Anawakhuthulira m'sipuleyamo mwaphuma. Mankhwala anasefukira, nayenderera m'zala zake ndi m'mbali mwa botolo.

"Akuyabwa," anatero. Sungeni asanayankhe, Trevor anaviika manja, chivindikiro ndi botolo lomwe mumtsinje. Botololo linali losatseka. Madzi analowa, mankhwala anatuluka.

Pamene anaviikapo panayera ngati pathiridwa mkaka. Kuyerako kunafutukuka, n'kuyamba kutsika ndi madzi mpaka kukalowa m'dziwe.

Sungeni anakutsatira m'mbali mwa bango. Posakhalitsa timatemba tinayamba kudumphadumpha pamwamba pa madzi. Kamodzi kanagadama, mimba yoyera m'mwamba. Kenaka kena. Nkhanu inatuluka pansi pa mwala, inakwawira pamchenga, inatambasula miyendo, n'kuima pomwepo.

Apa m'pamene Sungeni anamva phokoso la zovala zikumenyedwa pamwala. Linkachokera kumunsi, kuseri kwa gulaye wa mtsinje, pamalo ochapira.

Anataya nsapato n'kuliyatsa liwiro. Nsenjere inamucheka m'miyendo koma sanaime. Atatulukira pochapira anapeza azimayi anayi. Mmodzi wa iwo, mayi Miriam, amene ankagulitsa masamba pamsika, anali atanyamula beseni la mpiru kuti atsuke. Mwana wawo wa zaka ziwiri anali atakhala m'madzi osaya, akutunga ndi kakapu.

"Musaviike masambawo! Chotsani mwana m'madzi!"

Sanadikire kuti amve. Analowa yekha m'madzimo, nanyamula mwana uja, n'kumulanda kakapu. Mwanayo anayamba kulira. Azimayi aja anatuluka m'madzi akukoka zochapa zawo. Patangopita kanthawi, katemba kakufa kanadutsa pamaso pawo, kachiwiri kakutsatira.

"Ndi mankhwala awa," anatero mayi Miriam, atamulanda mwana n'kumupukuta ndi chitenje. "Wathira ndani?"

Trevor anali ataima patali, manja ali kumbuyo. Palibe amene anaona zimene zinachitika kumtunda kuja.

"Ndife," anatero Sungeni. "Ine ndi mnzangayu. Timafuna kupopera kabichi wanga. Tinaletsedwa koma sitinamvere. Mutikhululukire."

Azimayi aja anayankhula onse nthawi imodzi. Wina anati akamuuze mayi ake, wina anati nkhaniyi ipite kusukulu. Mayi Miriam anadikira kuti phokoso lithe.

"Ndiwe mwana wa a Gertrude, eti? Tamvera. Mpiru uwu ukanalowa m'nyumba makumi awiri madzulo ano. Mwana uyu amamwa chilichonse chimene watunga. Kuthamanga wathamangaku wachita bwino, ndipo sindiiwala. Koma ukanakhala kuti sunamve kuchapa kwathu, bwenzi pano tikunena zina. Inu a kumtunda mumaona ngati mtsinje umathera pamene pathera dimba lanu. Tsopano ukhale pompano ndi mnzakoyo. Aliyense wobwera ndi ndowa umuuze wekha chimene wachita."

Anakhaladi pomwepo mpaka dzuwa linapendeka. Anabweza anthu khumi ndi mmodzi, ndipo aliyense anamufotokozera kuyambira pachiyambi.

Atabwerera kudimba anapeza sipuleya ili pomwe anaisiya, yodzaza.

"Tsopano poti tasakaniza kale," anatero Trevor motsitsa mawu, "bwanji tingopopera? Kutali ndi madzi."

"Ayi. Mawa ndikathirira, madzi akewo atsikira kuti? Nanga wodya kabichiyo?"

"Ndiye chiwonetsero?"

"Ngati n'kupita ndi mabowo, ndipita ndi mabowo."

A Nakhumwa anawapeza akadali pomwepo. Nkhaniyo anali ataimva kale m'njira. Anatsikira kudziwe, ndipo atabwerako anaika nkhanu zinayi zakufa pamwala wosalala. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Madzi akatayika sawoleka," anatero. "Trevor, kasambe m'manjamo ndi sopo wambiri, ndipo kuyabwako kukapitirira upite kuchipatala lero lomwe. Sipuleya iyi ndi botololi ndikatsekera m'kanyumba kanga. Palibe wotaya paliponse. A Mbeta akawafunse alangizi katayidwe kake."

5. Nkhondo ya mbozi

Mayi Gertrude anali atamva kale nkhaniyo asanafike pakhomo. Anamukalipira Sungeni m'Chichewa, ndipo mawu atawathera anapitiriza m'Chisena. Atamaliza anamupatsa dengu.

"Kathyole masamba a nimu kuseriko. Mtengo umenewo ndinachita kubwera nawo kuchokera ku Nsanje uli kambande, ndipo iwe umangouona ngati wa mthunzi. Kwathu mbozi timathana nazo ndi umenewo. Tisinja, tiviika m'madzi, agone. Mawa tisefa ndi kansalu, tithiramo kasopo pang'ono. Koma nimu sapha lero ndi lero. Amangoilanda mbozi chilakolako cha kudya. Zimene zilipo kalezo zimafuna zala."

"Zala za munthu mmodzi sizingathe mabedi asanu, amayi."

"Kodi m'kalasi mwanu muli anthu angati?"

Lachinayi m'mawa Sungeni anaimirira pamaso pa kalasi yonse. Anafotokoza za botolo, za nkhanu, ndi za mwana wa mayi Miriam. Trevor naye anaimirira, zala zake zitatupa pang'ono, n'kunena kuti botololo anabwera nalo ndi iyeyo.

"Sala," anatero Sungeni kwa a Mbeta, "ngati mukufuna kusankha mbewu ya wina, sindidandaula. Koma ngati kabichi wanga akupitabe, ndikupempha anthu makumi awiri masana ano. Aliyense abwere ndi chitini."

A Mbeta anayang'ana kalasi. "Mwamva. Ndani akupita?"

Anapita anthu makumi atatu ndi mmodzi.

Dimba la m'mbali mwa Nankhanu linali lisanaonepo chikhamu chotere. A Mbeta anawagawa m'magulu asanu, gulu lililonse bedi lake, ndipo anati gulu lotola mbozi zambiri silidzasesa m'kalasi sabata yonse. Atsikana ena amene poyamba ankakuwa akaona mbozi anayamba kuzitola ziwiriziwiri. Trevor sakanatha kutola chifukwa cha zala zake, choncho anakwera pachulu n'kuyamba kuulutsa ngati mpira wa pa wailesi.

"Bedi lachitatu likutsogola, anthuni. Tamandani walowa pansi pa tsamba, wapeza zitatu nthawi imodzi. Bedi loyamba lagona tulo. Kodi bedi loyamba mwadya nkhomaliro koma?"

A Nakhumwa anatsekulira nkhuku zawo. Chitini chilichonse chikadzaza ankachikhuthulira pansi, nkhuku n'kumalimbirana, ana n'kumaombera m'manja. Azimayi a pochapira paja anakwera kudzaona chimene chinkachitika. Mayi Miriam anaima kanthawi manja ali m'chiuno, kenaka anatula mwana n'kulowa m'bedi lachisanu, lomwe linali ndi anthu ochepa.

Mayi Gertrude anafika kuchokera kuntchito atasenza ndowa ya madzi a nimu. Anaisefera kumtunda, kutali ndi mtsinje, monga ananenera a Nakhumwa. Sungeni anatenga tsache latsopano, n'kumaviika, n'kumawaza kabichi aliyense pamwamba ndi kunsi kwa masamba.

Lachisanu anabweranso anthu khumi kudzatola zotsalira. Mabowo akale anali pomwepo, koma atsopano sanaoneke.

6. Ku Chichiri

Loweruka kunacha ndi chiperoni. Sungeni anadula mitu isanu ndi umodzi ya kabichi, ndipo Trevor ananyamula dengu monga analonjezera.

Pabwalo la chiwonetsero panali matenti, nyimbo ndi ana a sukulu a mayunifolomu amitundumitundu. Tebulo loyandikana ndi lawo linali la sukulu ina ya ku Limbe. Nawonso anabwera ndi kabichi, wosalala, wonyezimira, wopanda bowo ngakhale limodzi.

"Tithotholeko masamba akunjawa," ananong'ona Trevor. "Mabowo asaoneke."

"Asiye," anatero Sungeni.

Oweruza anali atatu. Wamkulu wawo anali mayi wamagalasi wochokera ku koleji ya zaulimi. Anaimirira patebulo la Sungeni, nanyamula mutu umodzi, nauyesa kulemera kwake m'manja. Kenaka analowetsa chala m'bowo lina.

"Mabowo awa bwanji?"

"Ndi mbozi, madamu."

"Simunapopere?"

Sungeni anafotokoza zonse mwachidule, osasiya za mtsinje. Mayiyo anamvetsera osamudula mawu. Anaitanitsa mpeni, nadula kabichiyo pakati. M'kati munali moyera, mothinana, mopanda banga. Anamuika pasikelo mnzake wosadula. Muvi unapitirira makilogalamu anayi.

"Ana inu," anatero mayiyo, akuyankhula kwa onse amene anazungulira tebulolo, "mukamagula masamba musamathawe bowo. Bowo limatsukika, ndipo tsamba lobooka mukhoza kulithothola. Chimene sichioneka ndicho chovuta kutsuka. Mlimi wabwino sitimuonera pa mbewu yokha. Timafunsanso kuti dothi walisiya bwanji, ndipo madzi amene adutsa m'munda mwake afika bwanji kwa mnzake."

Analemba m'buku lake n'kupita patebulo lina.

Masana anayamba kuitana opambana. Malo oyamba anatenga a sukulu ya ku Ndirande ndi anyezi wawo. Achiwiri anali a ku Limbe aja. Trevor anali atayamba kale kulongedza dengu pamene chimkuzamawu chinatchula sukulu yawo pamalo achitatu, kenaka dzina la Sungeni Alufandika.

A Mbeta anaponya chipewa chawo m'mwamba ndipo chinakagwera patebulo la eni ake. Anzake a Sungeni anamunyamula mpaka kutsogolo. Mphoto yake inali wilibala yatsopano ndi makheni awiri. Pojambula chithunzi Trevor anaima pafupi kwambiri moti theka la nkhope ya a Mbeta silinaoneke, ndipo asanachoke pabwalopo anali atachitumiza kale pa foni kwa aliyense amene ankamudziwa.

Pobwerera, kondakitala wa minibasi anakana kukweza wilibala. Anawo sanadandaule. Anamukweza Sungeni m'wilibalamo n'kumamukankha mosinthana, akuimba, kudutsa ku Chitawira mpaka ku Manja. Anthu m'misewu ankaima kuwayang'ana. Pamsika, mayi Miriam anasiya benchi lawo n'kuvina nawo mpaka pakona.

7. Mlendo pakhonde

Atafika kunyumba, Sungeni anaona galimoto yakale yabuluu itaima pampanda. Kumbuyo kwake kunali matumba atatu a feteleza ndi zikwanje zinayi zatsopano, zomangidwa pamodzi ndi chingwe.

Pakhonde panali malume ake, a Stafford, akadali m'ovolosi ya kugalaja, akumwa tiyi. A Stafford anali munthu wa mtima wabwino, koma pabanja ponse ankadziwa kuti akanena chinthu sabwereza. Atamuona anaimirira, manja ali m'mwamba.

"Mlimi wathu uyo. Chithunzi chako chandipeza ndili pansi pa lole. Ndachionetsa galaja yonse. Ndati uyu ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo dimbalo ndi langa."

Sungeni anagwada n'kuwapatsa moni. Mayi Gertrude anali atakhala pamkeka chapambali, akusankha nyemba.

"Tsopano tamvera," anapitiriza a Stafford. "Ine ndimaona ngati ndi masewera a ana. Lero ndatsegula maso. Mnzanga wina ali ndi malo odyera ku Limbe, ndipo akuti kabichi wotere atenga yense amene tingalime. Mabedi asanu achepa. Ndadutsa kudimba kuja ndisanabwere kuno. Malo onse aja a bango ndi nsenjere, kuyambira pa mabedi ako mpaka m'madzi, akungokhala. Ndi dothi lachonde lija, ndipo ndi mbali yanga. Pakwana mabedi ena khumi. Ndapeza kale aganyu anayi. Lolemba m'mawa bango lonse lija ligwa, tithira feteleza, tibzala mpaka m'mphepete. Woyang'anira ntchito yonseyi ukhala iweyo."

Anamwetulira, kudikira kuti athokoze.

Sungeni anayang'ana mayi ake. Mayi Gertrude sanadzutse mutu. Anangopukusa pang'ono, kumuuza kuti asayankhe lero.

Anzake aja anali akadali kumpanda ndi wilibala, ndipo nyimbo yawo inali itazima. Sungeni anasendera pafupi, akadali chogwada, n'kuika manja pamodzi.

"Malume, zikomo chifukwa cha dimba. Koma pa nkhani ya bango lija ndili ndi mawu."

A Stafford anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Kumwetulira kuja kunachoka.

"Mawu?" anatero. "Chabwino. Nena, tikumve."